Kwa achimwene a ku Kawale amene nsonga ya soldering station yawo ikungoda

Achimwene, mwati munagula station ya 936, makina olumikizira tizipangizo tamagetsi ndi solder (chitsulo chofewa chosungunula), ku Old Town koma nsonga ikumada sabata isanathe, solder ikungopanga timipira n'kugwa, ndipo ngakhale mwakweza pa madigiri 450 n'kumapala ndi fayilo, zinthu zikungoipiraipira. Mwafunsanso ngati mungailumikize ku jenereta. Ndaona ena akuti munagula yabodza. N'kutheka ndithu, chifukwa ma 936 ambiri amene ali pa matebulo a okonza mafoni mumzinda muno ndi okopera, si enieni a kampani ya Hakko. Koma okoperawo anthu akudyera, ndipo amagwira ntchito zaka. Chimene chikukupherani nsonga ndi 450 ameneyo ndi fayiloyo.

Nsonga ija mkati mwake ndi mkuwa, chifukwa mkuwa umatenga kutentha msanga. Koma mkuwa ukakhudzana ndi solder yosungunuka umadyeka, n'chifukwa chake anaukuta ndi kachitsulo kopyapyala kwambiri. Mukapala ndi fayilo kapena sandipepa mumachotsa kachitsuloko, mawa mupeza kadzenje kunsonga, ndipo pamenepo palibenso chokonza. Kuda kuja ndi dzimbiri limene limabwera chitsulo chikatentha kwambiri chili pamtunda, ndipo mukamakweza moto dzimbirilo limabwera mofulumira. Solder sigwira pa dzimbiri, kutentha sikudutsanso bwino, inu n'kumaganiza kuti moto wachepa, n'kukwezanso. Umo ndi mmene nsonga ikuthera.

Solder ya mtovu ya 63/37 (magawo 63 a tin ndi 37 a mtovu) imasungunuka pa madigiri 183 okha. Yopanda mtovu, imene mafakitale ambiri anayamba kugwiritsa ntchito kuchokera mu 2006 malamulo a ku Ulaya ataletsa mtovu m'zipangizo zamagetsi, imafuna cha m'ma 217. Ndiye ikani station yanu pakati pa 320 ndi 350 pa ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo pa bolodi ya foni ya solder ya kufakitale musapitirire 370. Pochotsa pochajira, yambani mwapaka flux, mankhwala othandiza solder kugwira, ndi kuthirapo solder yanu ya mtovu pa timiyendo tonse. Ikasakanikirana ndi yakaleyo zimasungunuka msanga, ndipo simuzula timisewu ta pabolodi.

Pali malo ena amene amakana kusungunuka ngakhale mutatani, makamaka timiyendo tikuluikulu ta pochajira tolumikizidwa ku ground, njira imene magetsi a pabolodi amabwerera. Mkati mwa bolodi muli mkuwa wambiri umene umamwa kutentha konse. Pamenepo musathamangire kukweza moto, sinthani nsonga. Kansonga kosongoka ngati singano kamaoneka kaukatswiri, koma kamakhudza malo ochepa zedi. Tengani yophwatalala kapena ya mpeni ija amati K, muike kadontho ka solder kumapeto kwake kuti kutentha kupeze podutsa. Ngati muli ndi hot air, makina ouzira mpweya wotentha, fundizani bolodi pang'ono kaye. Anyamata ambiri pa Malangalanga apa amagwira ntchito zonse ndi nsonga imodzi, kenako n'kumadandaula kuti makina alibe mphamvu.

Kasamalidwe kake n'kosavuta. Musabweze ayironi, chogwirira chokhala ndi nsonga chija, pa choikira chake nsonga ili youma. Mukamaliza kulumikiza, ipakeni solder yatsopano n'kuisiya choncho, mudzapukute pamene mukuyambanso. Pozimitsa madzulo chitaninso chimodzimodzi, mpaka izizire ili ndi chipewa cha solder. Mukamacheza ndi kasitomala kapena mwapita kukagula chiwaya, tsitsani pa 200 kapena zimitsani. Popukutira, ine ndimakonda timawaya ta brass topiringizika tija kuposa siponji, chifukwa madzi amaziziritsa nsonga mwadzidzidzi. Ngati ndi siponji, ikhale yonyowa pang'ono, yofinya bwino, osati yodontha. Sitiliwulu ya mapoto ayi, imapala. Ndipo musamamenyetse nsonga patebulo pogwetsa solder, chifukwa chotenthetsera cha mkati mwa 936 ndi cha ceramic, sichichedwa kuthyoka.

Nsonga yadayo ngati ilibe kadzenje mutha kuidzutsa. Tsitsani moto cha m'ma 280, iviikeni mu flux, kulungani waya wa solder kumapeto kwake kuti usungunukirepo, pukutani pa brass, mubwereze mpaka iyambe kunyezimira. Ikakana, pali kachitini ka tip tinner, mankhwala otsukira nsonga, koma kameneko n'kogwiritsa ntchito mwa apo ndi apo chifukwa nakonso kamadya chitsulo. Flux ya okonza mapaipi musaiyandikize n'komwe, ili ndi asidi amene amadya nsonga ndi bolodi yomwe. Nthawi zina station ikazizira, masulani nati, chotsani nsonga, mukutumule zinyenyeswa za mkati kuti isamatirire pa chotenthetsera. Nyengo ya fumbi muzivundikiranso ndi kansalu mukaweruka.

Manambala a pa station zokopera musawakhulupirire kwambiri. Ngati yanu imalola kutsitsa pansi pa 200, yesani chonchi: tsitsani pang'onopang'ono muone pamene 63/37 yasiya kusungunuka. Ngati ikusungunukabe inu mutaika pa 150, dziwani kuti makina anu amatentha kuposa zimene akulemba, ndipo 450 wanuyo mwina anali pafupi ndi 500.

Za jenereta tsono. Magetsi athu ndi a 230V, ndiye wachibale akakutumizirani station ya ku America ya 120V, werengani kumbuyo musanalumikize. Timajenereta tating'ono mphamvu yake imakwera n'kutsika, choncho kalizeni kaye kakhazikike, ndipo musalumikize limodzi ndi firiji kapena makina owotcherera zitseko. Inverter yotchipa ya modified sine imaliritsa transformer ya mu 936 ndi kuitenthetsa, mudzamva yokha ikung'ung'udza. Magetsi akazima zulani pulagi, chifukwa pobwera ndi pamene zambiri zimapsa. Chimene ambiri amaiwala ndi earth, waya wopititsa magetsi osochera m'nthaka. Tengani multimeter, choyezera magetsi, station ili yozula, muyeze pakati pa nsonga ndi phini lalitali la pulagi. Muyenera kupeza ma ohm ochepa kwambiri. Ngati palibe kulumikizana, kapena soketi ya m'shopu mwanu ilibe earth, nsonga ikhoza kunyamula magetsi okwanira kupha IC (kachipu ka pabolodi) ya foni ya mwini. Batire la foni lichotsedwe kaye musanakhudze bolodi.

Mukadzapeza kangachepe, ganizirani za station ya mtundu wa T12. Chotenthetsera ndi choyezera kutentha zili m'nsonga momwemo, imatentha m'masekondi ochepa, ndipo zambiri zimadzitsitsa zokha mukaziika pansi. Zina zimalandira DC ya 24V mwachindunji, ndipo chaja ya laputopu ya 19V imaziyendetsa ngakhale mphamvu imachepako. Kwa munthu wa sola ndi mabatire, imeneyo ndiye yoyenera.

Utsi umene umakulowani m'mphuno ndi wa flux, ndipo umayambitsa chifuwa cha mphumu mukamaupuma tsiku ndi tsiku. Ikani kafani ka kompyuta yakale pambali kuti kazikokera utsiwo kutali ndi nkhope. Mtovu wokha umalowa kudzera m'manja, ndiye sambani ndi sopo musanagwire nsima, ndipo waya wa solder musamaulume ndi mano pofuna dzanja lachitatu. Nsonga munapala ndi fayiloyo muiyang'ane pa kuwala, ngati mkuwa wofiirira ukuoneka itayeni. Pogula ina funsani za 900M, ndi zimene zimalowa pa 936, ndipo mutenge ziwiri, K imodzi ndi yophwatalala yaing'ono imodzi.