Funsani Mlangizi wa za Maulendo: Kuchoka ku Cape Town pa Galimoto mu Julayi

FUNSO: A Mlangizi, ndine bambo wa ana awiri ndipo ndakhala ndikugwira ntchito ku Cape Town kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chino ndagula kagalimoto kanga koyamba, kogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ana akatsekera sukulu ndikufuna kupita nako kwathu ku Chiradzulu, komwe tikamange chiliza cha malemu mayi anga. Tidzakhala asanu: ine, akunyumba, anawo, ndi mlamu wanga amene tizidzalandirana chiwongolero. Anzanga ena akuti tikayenda usana ndi usiku tikafika m'masiku awiri, pomwe ena akundiopseza kuti m'njiramo muli chisanu choopsa. Kodi ndimvere ati? Wowerenga wa ku Cape Town.

YANKHO: Zikomo bambo, ndipo pepani pa za mayi. Anzanu a masiku awiriwo musawamvere. Ulendo wanuwu ndi wa makilomita oposa 3,000, wodutsa m'mayiko anayi ndi m'zipata zitatu, ndipo poti m'galimotomo muli ana, muuwerengere masiku asanu. Okuopsezaniwo ngati akunena za chipale chofewa, icho chimagwa ndithu: pa 10 Julayi 2023 chinagwa mu Johannesburg momwe, ndipo mu Sepitembala 2024 chinatseka msewu wa N3 pa Van Reenen's Pass, anthu n'kugona m'magalimoto usiku wonse. Komabe pa msewu wanu wa N1 si chimene ine ndimaopa kwambiri. Ndimaopa m'bandakucha, pakuti ndi pamene msewu umazizira kwambiri, ndiponso ndi pamene maso a dalaivala amene wachezera usiku amalemera.

Tsiku lonyamukira lisankhidwe ndi nyengo. Kumene mukukhalako mvula imagwa m'miyezi yozizira, ndipo mu Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa, kotero mukanyamuka m'ma 4 koloko monga timachitira kumudzi, mudzakwera mapiri a kupitirira Paarl, kudutsa mu Huguenot Tunnel ndi kukafika ku Hex River Pass muli mumdima, mwinanso m'mvula ndi m'chifunga. Mverani zolosera za South African Weather Service, ndipo akanena kuti mphepo yozizira ikubwera kuchokera kunyanja, dikirani tsiku limodzi kuti idutse. Chiliza sichithawa.

Mukatsika mapiriwo mwalowa mu Karoo, dera louma limene kumwamba kwake kumakhala kopanda mtambo. Masana dzuwa limawala bwino moti mutha kuvula juzi, koma likangolowa kutentha konse kumathawira kumwamba chifukwa palibe mitambo yokutchinga, ndipo ku Colesberg kapena ku Bloemfontein si zachilendo kuti kuzizira kufike pansi pa ziro. Chinyezi chimene chili pa tala chikaundana sichioneka choyera ayi, chimangooneka ngati msewu wanyowa pang'ono. Chimayambira pa milatho, chifukwa mlatho umazizira pamwamba ndi pansi pomwe, komanso m'malo otsika ndi amthunzi. Mukamva chiwongolero chapepuka mwadzidzidzi ndipo phokoso la matayala lachepa, musaponde buleki mwamphamvu, musakhotetse mwadzidzidzi. Chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, galimoto iyende molunjika mpaka matayala agwirenso. Njira yabwino koposa ndi kusakhalapo pa msewupo nthawi imeneyo, n'kudikira kuti dzuwa likwere.

Pakati pa Laingsburg ndi Beaufort West pali makilomita pafupifupi 200 a msewu wowongoka, wopanda choti maso aone, ndipo ndi wodziwika ndi ngozi za madalaivala osinza. Mu Julayi vutoli limakula chifukwa cha hita. Mawindo onse atsekedwa, ana agona, akunyumba afunda chitenje, m'galimoto mwafunda ngati m'bulangete, ndiye tulo timabwera osagogoda. Mlamu wanu amene mukumudalirayo amakhala atagona kale, ndipo tulo ta pampando sitichotsa kutopa. Muziima pakatha maola awiri aliwonse, mutsike, mphepo ikuombeni kumaso. Ine ndikanagona ku Colesberg tsiku loyamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 780, lachiwiri ku Pretoria, lachitatu cha ku Beitbridge, lachinayi ku Harare, ndipo lachisanu n'kudutsa Nyamapanda, Tete ndi Zobue kukalowera pa Mwanza.

Ku Colesberg komweko ndinaonako chinthu chimene sindichiiwala. Tinadzuka m'mawa magalasi a magalimoto onse atayera mbuu, mawaipa atamatirira ku galasi. Bambo wina amene anaimika pafupi nane anali pa changu, ndiye anatenga fulasiki ya madzi a tiyi n'kukhuthulira pa galasi la kutsogolo. Tinangomva kuti thee, mng'alu n'kuyenda kuchokera pamene panali kachibowo ka mwala mpaka kumapeto kwa galasi. Ine ndinaliza injini, n'kulozetsa mpweya wofunda ku galasi, kwinaku ndikupala ndi khadi yakale ya ku banki, ndipo pasanathe mphindi khumi ndinali ndikuona bwino. Galasi likachita nthunzi mkati, yatsani air conditioner pamodzi ndi hita, chifukwa imaumitsa mpweya.

Galimoto yanuyo ipite kwa makaniko kudakali sabata ziwiri, ndipo choyamba ayang'ane madzi a mu rediyeta. Ku Cape Town, poti ndi m'mphepete mwa nyanja, madzi saundana kawirikawiri, choncho n'kutheka kuti mwini wake wakale ankangothira a pampopi. Madzi akaundana amafufuma, ndipo amatha kung'amba rediyeta, mapaipi, ngakhale injini imene. Mankhwala a antifreeze osakaniza theka ndi theka ndi madzi saundana ngakhale kuzizira kutafika madigiri 30 pansi pa ziro. Batire iyesedwenso, pakuti yofooka imene imaliza bwino galimoto kunyanjako imatha kukana m'mawa wa ku Karoo. Lamulo la ku South Africa limalola tayala limene mizere yake ndi yakuya milimita imodzi, koma pa msewu wonyowa, galimoto italemedwa ndi katundu wa kumudzi, ine sindinganyamuke ndi yochepera mamilimita atatu. Tayala lapadera likhale lopopa.

Mabulangete, majuzi, madzi akumwa ndi kamba zikhale mkati momwe mwakhalamo, osati pansi pa katundu womangidwa ndi zingwe. Galimoto ikafa usiku, kapena mukachedwa pa mzere wa pa chipata, musagone injini ikulira mawindo ali otseka, ndipo mbaula isayandikire n'komwe m'galimoto. Utsi wa injini ndi wa makala uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha, ndipo munthu amangopitirira m'tulo.

Kupitirira Bloemfontein udzu umakhala wouma ndipo moto wa tchire ndi wosasowa. Utsi ukaphimba msewu chepetsani liwiro, yatsani nyali, ndipo musaime pakati pa msewu. Ku Johannesburg dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5. Pakati pa Beitbridge ndi Masvingo ng'ombe ndi abulu zimayenda mu msewu usiku, ndipo chimenechi chokha n'chokwanira kuti gawo limeneli muliyende masana. Ku Tete mudzavula majuzi onse chifukwa chigwa cha Zambezi chimatentha ngakhale mu Julayi, koma musawalongedze kutali, pakuti pokwera kumtunda kuno mutha kupeza chiperoni chakuta Blantyre ndi Chiradzulu. M'chifunga nyali zazitali zimakuthobwani nokha m'maso, choncho yendani ndi zazifupi. Mapepala a galimoto, inshuwalansi ya m'mayiko odutsamo, ndi nthawi zotsegulira zipata, zonsezi mufufuziretu musananyamuke.

FUNSO: A Mlangizi, ine ndimakhala ku Lilongwe ndipo sindipita kunja. Kodi antifreeze ndi wofunika kuno kwathu, kapena ndi njira chabe ya amakaniko yotidyera ndalama? Mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Ndi wofunika, mayi. Dzina lake limanena za kuundana kokha, koma mankhwalawa amatetezanso injini ku dzimbiri, amasamalira pampu ya madzi, ndiponso amachititsa kuti madzi asawire msanga, zimene mudzaziyamikira mukamakwera Golomoti mu Okutobala. Ndipo ngati mudzapite ku Nyika mu Juni kapena Julayi, kumeneko udzu umadzuka utayera ndi chisanu, ndiye galimoto yogona panja imafunika antifreeze monga ya ku Colesberg. Mtundu woyenera galimoto yanu walembedwa m'buku lake, ndipo musasakanize mitundu iwiri yosiyana.