Glasgow Coma Scale ikundizungulitsa mutu

Funso: Ndili chaka chachiwiri cha unamwino, ndipo mwezi wamawa tikupita kuwodi ya ovulala. Glasgow Coma Scale ndimailoweza usiku, kukacha yauluka. Ndimalakalaka kudzasamalira odwala ubongo. Kodi ntchitoyi si yanga?

Yankho: Achemwali, mutu wanu ulibe vuto. Mukungoloweza manambala musanaone wodwala. Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza sikeloyi, yoyezera kuti wodwala wakomoka kwambiri bwanji, ku Glasgow, ku Scotland, mu 1974 kuti namwino wausiku ndi dokotala wam'mawa azimvana akamanena za munthu wokomoka. Mafunso ake ndi atatu okha. Akutsegula maso? Mapointi mpaka 4. Akuyankhula zomveka? Mpaka 5. Akusuntha thupi mukamuuza? Mpaka 6. Wabwinobwino amapeza 15, wotsikitsitsa 3, ndipo akafika pa 8 kapena kutsikirapo ndiye kuti zavuta, njira yopumira iyenera kutetezedwa.

Tiyerekeze kuti abwera naye mnyamata wakabaza amene wagwa wopanda chipewa. Mukumuitana, akutsegula maso: 3. Mukumufunsa kuti ali kuti, akuti ali kumsika: 4. Mukuti "finyani dzanja langa, tsopano tayani", akuchita zonse ziwiri: 6. Mufayilo lembani E3 V4 M6 (E ndi maso, V kuyankhula, M kusuntha thupi), musangolemba 13. Pakatha theka la ola bwererani. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa: amayeza kamodzi n'kukhala pansi. Munthu amene magazi akuunjikana mkati mwa chigaza amatha kucheza bwinobwino poyamba, kenako n'kuyamba kuwodzera. Agadiyani amati "wagona, musamudzutse". Mudzutseni ndithu, mwaulemu. Walitsani tochi m'maso onse awiri. Mwana wa diso mmodzi akakula osachepanso ndi kuwala, thamangirani dokotala. Ndipo aliyense wokomoka muyezeni shuga, ngakhale akununkha kachasu.

Kuwodi ya ana mudzapeza sikelo yathuyathu. Khanda simungalifunse tsiku, n'chifukwa chake Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, pogwira ntchito ndi ana odwala malungo a muubongo ku chipatala cha Queen Elizabeth, anakonza Blantyre Coma Scale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Imayambira pa 0 kulekeza pa 5: kodi mwana akutsatira nkhope ya mayi ake ndi maso, kulira kwake n'kotani, nanga mukamutsina akukankha dzanja lanu kapena akungofunya mkono? Akapeza 2 kapena kucheperapo, ali chikomokere. Ine zimandikoma kuti dzina la Blantyre limatchulidwa m'zipatala za maiko akutali chifukwa cha kasikelo aka.

Sabata ino gwirizanani ndi mnzanu wa kuhositelo: iye azichita ngati wodwala, inu muzipereka mapointi mokweza, kenako musinthane. Kakhadi ka manambala sungani m'thumba la yunifolomu, si manyazi.

Za m'tsogolo, mukamaliza ndi kulembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, pemphani kugwira ku HDU kapena ku ICU, mawodi a odwala mwakayakaya, kumene kuyeza kotereku kumachitika usana ndi usiku. Ngati maloto anu ndi ochita opaleshoni ya ubongo, imeneyo ndi njira ina: digiri ya udokotala ya MBBS kaye, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), kenako zaka zinanso zaukatswiri. Mukamaliza za kuwodi mwezi wamawa, mudzandilemberenso tikambe zimenezo.