Za chotupa cha pantchafu ya bambo anu

Achimwene, mwafunsa ngati hydatid, thumba lamadzi lomera m'thupi chifukwa cha tizilombo, ingatuluke pantchafu poti munamva kuti imagwira chiwindi. Ingatero ndithu. Kawirikawiri imakhala m'chiwindi kapena m'mapapo, koma tizilombo take, tochokera m'mazira a nyongolotsi ya agalu, timayenda ndi magazi mpaka m'minofu, m'mafupa, ngakhale muubongo.

Chonde asatemere mphini pamenepo, asachiboolenso ndi jakisoni. Madzi ake akatayikira m'thupi munthu angakomoke pompo, ndipo timatumba tina timamera. Apite kuchipatala chachikulu cha Salima akawaunike ndi sikani. Pakafunika CT, sikani yoonetsa za m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane, awatumiza ku Kamuzu Central. Kuyeza magazi kokha sikokwanira, nthawi zina sikuonetsa kanthu matenda alipo.

Madokotala amachotsa thumba lonse osaliphulitsa, ndipo amapereka mankhwala opha nyongolotsi a albendazole asanachite opaleshoni ndiponso pambuyo pake.