Za "nano copper" wothira m'damu la nsomba

Bambo a ku Mitundu, mwafunsa ngati mungathire "nano copper" (mankhwala a tinthu ting'onoting'ono ta kopa) m'damu lanu la makumba kuti ndere zithe, poti wogulitsa wati tinthu take ndi tating'ono zedi, timangomira pansi osapweteka nsomba. Dikirani kaye. Kuchepa komweko ndi kumene kumachititsa kopa kusungunuka msanga.

Kanthu kamodzi sikapitirira mananomita 100. Mutatindandalika, 10,000 tingakwane pa milimita imodzi. Tikalowa m'madzi timachita dzimbiri kunja kwake, kenako timayamba kutulutsa kopa wosungunuka. Ameneyu ndiye amapha ndere, ndipo ndi yemweyo amamatirira m'makha momwe nsomba imapumira n'kuilepheretsa kutenga mchere wofunika m'thupi. Kuti atuluke wochuluka bwanji, zimatengera madzi anu.

pH (muyezo wa asidi m'madzi: nambala ikachepa, asidi wachuluka) ikatsika kufika cha pa 6, tinthuti timasungunuka mofulumira. Ndiye kumbukirani kuti m'damu la ndere zambiri pH imakwera masana n'kutsika usiku, kotero yezani m'bandakucha, osati dzuwa lili pamutu. Madzi a laimu wambiri amatigwirizanitsa timibulu n'kutimiza. Madzi a m'dambo, ofiirira ngati tiyi chifukwa cha zowola, amamanga kopa wosungunuka n'kumuchepetsa ukali, komanso amatikuta tinthuto kuti tizingoyandama masiku ambiri. Mvula ya Disembala ikadzaza damu, laimu wa m'madzi amachepa, ndipo mulingo umene sunavute mu Okutobala utha kupha nsomba.

Nanga timene tamira? Sitinathe ayi, kopa saola. M'matope akuda onunkha dzira lovunda amagwirana ndi salufa n'kukhala chete. Tsiku limene mudzaphwetse damu, matopewo n'kuuma padzuwa, ena amamasukanso.

Tikanakonda muyambe ndi kuona kuti ndere zanu ndi ziti. Madzi obiriwira ndi chakudya cha makumba. Vikani mkono mpaka m'chigongono: ngati chikhatho chikuoneka mwa apo ndi apo, zili bwino, chikasowa mkono usanafike pakati, siyani kuthira manyowa ndi kuchepetsa madeya, mulowetse madzi atsopano. Ndere zaulusi zija zoyandama ngati bulangeti, kokani ndi reki. Ndi ntchito yotopetsa, inde, koma siipha nsomba.

Zikakanika, tengani copper sulphate wamba amene mulingo wake ndi wodziwika. Botolo losanena magalamu a kopa pa lita lilekeni pa shelefu. Yezetsani kaye alkalinity (muyezo wa laimu wa m'madzi), kaya ndi kiti yoyezera madzi kapena pofunsa a zausodzi ndi a ku Bunda. Ikakhala pansi pa 50 mg/L (mamiligalamu pa lita) musathire konse. Ikapitirira 250 kopa amangomira osagwira ntchito. Pakati apo, gawani nambalayo ndi 100, ndipo yankho ndi magalamu pa kiyubiki mita iliyonse. Damu la mamita 20 m'litali, 10 m'lifupi, kuya mita imodzi lili ndi makiyubiki mita 200. Alkalinity ikakhala 100, ndiye magalamu 200 basi. Sungunulani m'ndowa yapulasitiki, chifukwa yachitsulo imadyeka, ndipo muwaze mbali imodzi mwa zitatu za damu ndi gawo lake la mankhwalawo, kwinako mudzathire pakapita sabata.

Ngozi yaikulu imadza patatha masiku awiri kapena atatu. Ndere zakufa zikamaola zimadya okosijeni, ndipo mukalawira m'mawa mupeza nsomba zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi. Khalani ndi madzi olowetsa pafupi, ndipo musathire mlungu wa mitambo.

Wogulitsa akakuuzani kuti a WHO (bungwe la zaumoyo padziko lonse) amalola 2 mg/L ya kopa, nambala imeneyo ndi ya madzi akumwa anthu. Nsomba m'madzi opanda laimu zimafa ndi kachigawo kakang'ono ka mulingowo. Madzi othiridwa mankhwala musawatsegulire kumtsinje, ndipo sipuleya ya kopa wa tomato muzikatsukira kutali ndi ngalande yolowa m'damu.