Mphaka wanga alibe mchira, kodi ndi wamatsenga?

FUNSO: Abwana amene ndinkawagwirira ntchito pa loji ina atabwerera kwawo adandisiyira kamwana ka mphaka kaubweya wautali, kopanda mchira ngakhale kachidutswa. Kakamathamanga kamadumpha ngati kalulu. Anzanga akuti ndi kamatsenga, ndikataye kunyanja. Nditani? Mayi wa ku Senga Bay, Salima.

YANKHO: Amayi, chonde musamutaye. Palibe adamudula mchira, palibenso zamatsenga; adabadwa choncho. Mmene mwamufotokozeramu, akufanana ndi mtundu wa Cymric, womwe ndi mphaka wa Manx (mtundu wa amphaka obadwa opanda mchira) koma waubweya wautali. Makolo ake ndi a pachilumba cha Isle of Man, pakati pa Britain ndi Ireland, ndipo oweta amphaka a ku Canada ndiwo adayamba kuweta aubweya wautaliwa m'zaka za m'ma 1960. Kudumpha kwa kaluluko n'chifukwa choti miyendo yakumbuyo ndi yaitali kuposa yakutsogolo. Makoswe ndiye amawagwira ndithu.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi msana wake. Chibadwa chomwe chimachotsa mchira nthawi zina chimafupikitsanso msana ndi kuwononga mitsempha ya m'munsi. Zizindikiro zimaoneka akadali wamng'ono, kawirikawiri asanakwane miyezi 6: kukoka miyendo yakumbuyo, kudontheza mkodzo, kapena kudzimbidwa. Mukaona izi thamangirani kwa dokotala wa ziweto. Musamupatse Panado ngakhale theka, amapha mphaka. Ana auzeni asamamutsine pamene pakadakhala mchira, pamapweteka, ndipo pomunyamula dzanja lina lizichirikiza kumatako. Musamukweretse kwa mnzake wopanda mchira, chifukwa ana ena amafera m'mimba.

Kenako kutentha kwathu kwa ku Salima kuno. Ubweya wake ndi wosanjikizana kawiri, choncho mu Okutobala amavutika kwambiri. Musiyeni azigona pasimenti pamthunzi, madzi ozizira ali pambali. Mukamuona akupuma atayasama kukamwa, mupukuteni ndi kansalu konyowa msanga. Muzimupesa ndi chipeso cha mano otalikirana katatu pa sabata, makamaka m'khwapa, kuseri kwa makutu ndi kumbuyo kwa ntchafu, komwe ubweya umapotana n'kubisa utitiri. Ubweya wa kumatako muzimeta pang'ono ndi lumo kuti chimbudzi chisamamatirire.

Pa chakudya chake, usipa ndi chambo muziwiritsa popanda mchere kapena anyezi, n'kuchotsa minga yaikulu. Akakwana miyezi 3 mupite naye ku ofesi ya za ziweto akabayidwe katemera wa chiwewe.