Kodi mawu opulumuka pa kampeni amagwetsadi munthu?

Mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Virginia, ku America, wandilembera imelo. Akuti: "Achimwene, ndikatsegula Fox News akuti wa Democrat wadziwotcha ndi pakamwa pake. Ndikapita pa MS NOW (yomwe kale inkatchedwa MSNBC) akuti wa Republican watha basi. Ndimvere ndani? Kodi kulakwitsa kamodzi kumaluzitsadi chisankho?"

Achemwali, tiyambire kwanu komweko, chifukwa nkhani yomwe oyankhulapo pa ndale amaikonda kwambiri inachitikira pakhomo panu.

Pa 28 September 2021 panali mtsutso wa anthu awiri ofuna ugavanala wa Virginia, Terry McAuliffe wa Democrat ndi Glenn Youngkin wa Republican. Atafika pa nkhani ya mabuku a m'sukulu, McAuliffe ananena kuti sakuona kuti makolo ndiwo ayenera kumauza sukulu zoti ziphunzitse. Kusanache bwino anyamata a Youngkin anali atadula kale kachidutswako, n'kuyamba kukaulutsa pa TV usana ndi usiku. Mu November Youngkin anapambana ndi mavoti pafupifupi 51 pa 100 alionse, mnzakeyo 49, m'chigawo chomwe Joe Biden anali atatenga ndi mapointi 10 chaka chimodzi chokha m'mbuyomo.

A mbali ya Republican mpaka lero amati ndi chiganizo chimenecho chinamupha. A mbali inayo amati mawu ake anapotozedwa. Kwa ine onsewa akunena theka la nkhani. Makolo anali ndi mkwiyo kale, chifukwa ana anakhala pakhomo miyezi yambiri nthawi ya Covid-19, akuphunzira pa kompyuta, mayi akulephera kupita ku ntchito. Misonkhano ya makomiti a sukulu ku Loudoun County, dera lina la ku Virginia komweko, inali itasanduka bwalo la mikangano. Mawu a McAuliffe anagwera pa udzu wouma kale. Komanso pali chizolowezi chimene a pa TV sakonda kuchitchula chifukwa sichikometsa nkhani: kuyambira 1977, anthu a ku Virginia akhala akusankha gavanala wa chipani chosiyana ndi cha pulezidenti, kupatula mu 2013, ndipo amene anaswa mwambowo anali McAuliffe yemweyo. Ndiye ngakhale akanatseka pakamwa, mphepo inali ikumuwomba kumaso.

Tsopano onani izi. Pa 24 May 2017 ku Bozeman, m'chigawo cha Montana, Greg Gianforte wa Republican, amene ankafuna mpando wa ku nyumba ya malamulo ya America, anagwira mtolankhani wa The Guardian, Ben Jacobs, n'kumugwetsera pansi mpaka magalasi kusweka, kamba ka funso la za inshuwalansi ya zaumoyo. Mawa lake kunali kuvota. Uku sikupulumuka mawu, ndi kumenya munthu, ndipo atolankhani a Fox News amene analipo anachitira umboni. Anapambanabe. Anthu ambiri anali atavota kale kudzera pa positi, ndipo Montana ndi kwawo kwa chipani chake. Anavomera mlandu kukhoti, anamulamula kugwira ntchito zothandiza anthu maola 40, ndipo mu 2020 anamusankha kukhala gavanala. Wina chiganizo chimodzi, waluza. Wina chibakera, wakwezedwa.

Nanga mumvere ndani? Ambiri mwa amene mumawaona madzulo aja si oweruza, ndi ochemerera. Ena anagwirapo ntchito m'makampeni a zipani zomwezo. Wa mbali ina akalakwa amaimba lokoma sabata yathunthu, wawo akalakwa amati tisathamange, timve kaye zonse. Anyani sasekana zikundu, koma awa amasekana, ndipo amalipidwa pochita zimenezo. Sindikuti muzime TV, ine ndemwe ndimaonera ndikudya nsima, koma muziwamva ngati mmene mumamvera sapota wa timu akufotokoza penate.

Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira ndi chimodzi: yang'anani zimene akuchita a chipani chake, osati adani ake. Adani amakuwa tsiku lililonse, ndi ntchito yawo. Koma anzake akayamba kumuthawa, kuchotsa ndalama, kukana kuima naye pa nsanja, dziwani kuti bala lafika pafupa.

Zinatero ku Missouri mu August 2012. Todd Akin wa Republican, pofuna mpando wa Senate (nthambi imodzi ya nyumba ya malamulo ya America), ananena pa TV kuti mayi akagwiriridwa "zenizeni" thupi lake limadziwa kudziteteza kuti asatenge pathupi. Bodza lamkunkhuniza, lopwetekanso. Akuluakulu a chipani chake, kuphatikizapo Mitt Romney amene ankaimira chipanicho pa upulezidenti, anamuuza kuti atule pansi. Anakana. Mu November Romney anatenga Missouri mosavuta, koma Akin anagwa chagada, 39 pa 100 kwa iye, Claire McCaskill wa Democrat pafupifupi 55. Anthu omwewo, pepala lomwelo, anachonga Romney n'kumudumpha Akin.

Ndipo nayi mbali imene ochemerera a McCaskill sanaikuwe pa nthawiyo. Patapita zaka iye mwini anaulula kuti kampeni yake inawononga madola pafupifupi 1.7 miliyoni pa zotsatsa zomuthandiza Akin kupambana chisankho cha chipulula cha Republican, chifukwa pa onse amene ankapikisana, ndiye amene ankamuona kuti pakamwa pake sipachedwa kumupereka.