Nyimbo zikafanana ndiye kuti wina waba?

Funso: Akulu ndithandizeni, ndimaimba gitala kutchalitchi ndiye tsiku lina ndikuphunzira Thinking Out Loud ya Ed Sheeran zala zinangopita zokha pa Let's Get It On ya Marvin Gaye, makodi ake (magulu a manotsi omwe timaimba pamodzi pagitala) omwewo basi. Mnyamatayu sanabe? Wowerenga, Zingwangwa

Yankho: Khutu lanu silinaname achimwene. Nkhaniyi inafika kukhoti ku New York, abale a Ed Townsend yemwe analemba nawo nyimbo ya 1973 ija ya Let's Get It On anamusumira Sheeran, iye anatenga gitala mkhoti momwemo nkuonetsa kuti makodi anayi amenewo ali mu nyimbo zambirimbiri ndipo mu May 2023 anawina. Makodi ali ngati ufa, aliyense amaphikira nsima yake, vuto limabwera ukatenga melodi kapena mawu a mnzako.

Koma chomwe chimandiwawa ine ndi cha 2015, Robin Thicke ndi Pharrell Williams analuza mlandu wa nyimbo yawo ya Blurred Lines kwa ana a Gaye nkulamulidwa kulipira madola opitilira 5 miliyoni, chonsecho chomwe chimafanana kwambiri ndi nyimbo ya Gaye ya Got to Give It Up ndi kagundidwe ka ng'oma ndi bezi. Inu mukapeka yanu kalembetseni msanga ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina ku Malawi.